Lembani mtengo, lekani za "inbox"

Mu basi ya kuseni yocoka ku Matero kapena ku Chawama, maso a anthu ambiri amakhala pa foni. Ogulitsa anaziona kale izi. Amai a salaula ku Soweto, atelala a ku Kamwala, anyamata opanga mipando m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, onse manje ali pa WhatsApp status, Facebook na TikTok. Ni cinthu cabwino, cifukwa shopu ya pa foni ilibe lendi.

Koma ambiri akugulitsa monga ang'wang'wazi a pa Kulima Tower: kukuwa cabe. Mapikica makumi atatu a nsapato pa status kamodzi, popanda saizi, popanda malo, popanda mtengo. Ukafunsa kuti ni zingati, yankho ni "inbox". Inbox ya cani? Munthu ali mu basi, bundle ni ya tsiku limodzi, conductor akufuna ndalama, ndipo station yake yayandikira. Sadzalemba. Adzapita pa page ina pomwe mtengo walembedwa poyera. Ndipo wobisa mtengo timamuganizira cimodzi: afuna ayambe waona nkhope na zovala zathu pa profile, kuti adziwe potidulira.

Amene zikuwayendera ni aja opatsa kambasela ka nzeru tisanagule. Telala akaonetsa mu kavidiyo kafupi mocapira citenge kuti cisasuluke, kapena wokonza mafoni akafotokoza cifukwa cake batire imatupa, sitigula tsiku lomwelo. Koma nambala timasunga. Foni ikafa, tidziwa kothamangira. Nchito imeneyi siifuna kamera yodula, ifuna cabe munthu wodziwa zimene agulitsa, woyankha mameseji kusanade.

Za "boost" cenjerani. Facebook imatenga ndalama pa khadi, ndipo ngati simunasankhe bwino dera, pikica ya vitumbuwa vanu idzaonedwa na anthu a ku Kitwe kapena kunja kwa dziko amene sadzabwera ku Mtendere olo tsiku limodzi. Anyamata ogulitsa ma followers naonso ni cimodzimodzi. Manambala amakwera, koma palibe wa iwo adzagula olo sokosi.

Vuto lalikulu ni cikhulupiriro. Akawalala a "tumizani pa nambala iyi" aononga msika wa onse. Munthu amene anatumizapo ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo, katundu osafika, nambala n'kuzima, sakhulupirira aliyense, ngakhale amai oona mtima a ku City Market. Ndiye wogulitsa weniweni afunika kudzionetsa. Jambulani katundu amene ali m'manja mwanu, osati mapikica otapa pa intaneti. Nenani shopu ili pati, mzere uti. Dzina lotuluka potumiza ndalama lifanane na dzina lomwe munatiuza. Likatuluka la mlamu wanu, ise tidzabweza cala. Ngati mungakwanitse, lembetsani dzina la bizinesi ku PACRA, ndipo lolani munthu alipire katundu akafika.

A ZICTA na a CCPC naonso asamangotiuza kuti tizicenjera. Nambala yakuba ikaperekedwa kwa iwo, itsekedwe msanga, ndipo wodandaula auzidwe zomwe zacitika. Ikakhala yotsegula sabata ina, imadya ndalama za anthu ena, ndipo amai a salaula aja amataya makasitomala pa mlandu umene suli wao.