CITUPA CA VOTI KU AMERIKA

Abale ndi alongo a m'makomboni, ena a ife tinakhalapo pa tebulo la ukalaliki ku mgodi, ndipo tidziwa kuti munthu sabwezedwa ndi cikoti cokha ai. Pepala nalo libweza. Umuuza kuti, "Mapepala anu sanakwane, mubwere Lolemba." Lolembalo iye ali pansi pa mgodi. Nkhani yathera pomwepo, ndipo palibe amene wamtukwana.

Tanena izi cifukwa ca malamulo a masankho a ku Amerika. Dziko lija lili ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciliconse cili ndi boma lace limene liika malamulo a kalembedwe ka maina ndi kaponyedwe ka voti. Wa ku Texas atsata lamulo lina, wa ku North Dakota lina, cinkana Pulezidenti amene asankha ndi mmodzi.

Mu 1870 lamulo lalikulu la dzikolo linaletsa kumana munthu voti cifukwa ca khungu lace. Nanga Azungu a kumwera anatani? Sanalembe mau akuti "wakuda" m'malamulo ao. Ku Mississippi mu 1890 anati wofuna voti alipire msonkho wa madola 2 pa caka, ndiponso awerenge kapena kumasulira ndime ya lamulo la cigawo pamaso pa kalaliki. Woweruza ngati wamasulira bwino anali kalaliki yemweyo, Mzungu. Ku Louisiana anthu akuda olembedwa m'buku la voti anali oposa 130,000 mu 1896. Pofika 1904 anatsala 1,342 cabe. Kunalibe mliri. Colembera ndico cinawadya.

Zimenezi sizacilendo kwa ife. Pa masankho a 1962 muno, dziko likali Northern Rhodesia, munali mabuku awiri, lapamwamba ndi lapansi, ndipo munthu analowamo poyesedwa ndalama zace, katundu wace ndi sukulu yace. Makolo athu anakana, kufikira mu January 1964 wamkulu aliyense anapeza voti. Anzathu a ku Amerika anamenyedwa pa mlatho wa ku Selma pa 7 March 1965, ndipo mu August caka comweco Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la Voting Rights Act. Mayeso aja a kuwerenga anaimitsidwa, ndipo zigawo za mbiri yoipa zinalamulidwa kupempha cilolezo ku Washington zisanasinthe lamulo lililonse la voti.

Cingwe cimeneco Khoti Lalikulu linacidula mu June 2013 pa mlandu wa Shelby County, oweruza 5 atapambana anzao 4. Tsiku lomwelo Texas inalengeza kuti lamulo lace la 2011 liyamba nchito: wofuna kuvota aonetse khadi la cithunzi. Koma tamverani makhadi ace! Laisensi yoyendera ndi mfuti inaloledwa, khadi la wophunzira pa yunivesite linakanidwa. Mu 2014 khoti linapeza kuti anthu ngati 600,000 olembedwa kale analibe khadi lofunikalo, ndi kuti akuda ndi olankhula Cispanishi ndiwo anapwetekedwa koposa. Lamulolo linafewetsedwa mu 2017.

Ya ku North Dakota ndiyo itikhudza pamtima. Kumeneko anafuna khadi losonyeza mseu ndi nambala ya nyumba. Eni nthaka akale, monga a Sioux, ambiri akhala kumalo kopanda maina a miseu, ndipo makalata alandirira ku bokosi la positi. Inu a ku Misisi ndi ku Kanyama, kodi mukanalemba mseu uti? Anapita nao mlandu ku khoti, ndipo mu 2020 boma linabvomera kuti wopanda adiresi aloze nyumba yace pa mapu.

Oteteza malamulo awa anena kuti afuna kuletsa cinyengo, kuti wina asavote m'dzina la mnzace. Sitiwaseka ai. Ifenso tinyamula reji ndi khadi la voti, ndipo tibwerako cala cili ndi inki. Mu 2008 Khoti Lalikulu linalola lamulo la khadi la ku Indiana, cinkana oweruza analemba okha kuti pa mlanduwo sipanaoneke umboni wa munthu ngakhale mmodzi wovota m'dzina la wina m'cigawoco.

Cimene ife tikana ndi ici: boma kufuna khadi, kenaka kusiya wosauka alifunefune yekha. Amati khadi ndi laulere. Inde, koma lifuna cikalata ca kubadwa, cimene cigulidwa. Lifuna ndalama ya basi. Lifuna tsiku lathunthu pa mzere, ndipo wa nchito ya maola akajomba sadya. Bwana wa galimoto laisensi ali nayo kale m'thumba. Nkhalamba yobadwira kumudzi, yosalembedwa m'buku lililonse, ndiyo ibwezedwa pakhomo. Wofuna khadi ndi boma, tsono boma ndilo liyenera kulifikitsa kwa munthu, pafupi ndi nyumba yace, pa maola amene wanchito aweruka.

Ku Alabama lamulo la khadi linayamba nchito mu 2014. Caka cotsatira boma linatseka maofesi 31 opereka malaisensi a galimoto, ambiri m'madera a kumidzi mokhala anthu akuda oculuka. Linati ndalama zacepa, ndi kuti khadi la voti lipezeka ku maofesi ena. Anthu atafuula kwambiri linawatsegulanso, poyamba tsiku limodzi cabe pa mwezi.