Kodi Zitsamba Sizipweteka Munthu?

Anzanga ena pano pasukulu amalimbikira kunena kuti mankhwala azitsamba sangapweteke munthu, popeza amangomera okha. Ine ndikukana, ndipo mboni yanga ndi butterbur, chitsamba cha ku Ulaya chomera m'mbali mwa mitsinje. Masamba ake ndi aakulu ndithu, kotero kuti kale anthu ankakulungiramo batala.

Sindinena kuti n'chachabe ayi. Mizu yake imachepetsa mutu waching'alang'ala, ndipo masamba amathandiza chimfine chobwera ndi mungu wa maluwa. M'chaka cha 2012 bungwe la madokotala a ubongo ku America, American Academy of Neurology, linachivomereza. Koma m'chitsamba chomwecho muli chiphe, pyrrolizidine alkaloids, chimene chimadya chiwindi pang'onopang'ono mwini wake osadziwa. Pofika 2015 bungwe lija linabweza mawu ake.

Chotero munthu asawiritse mizu imeneyi ngati tiyi. Wofuna kumwa ayambe wafunsa dokotala, ndipo agule mapilitsi okhawo olembedwa "PA-free", ndiko kuti chiphecho chinachotsedwa. Ngakhale amenewo ena anadwala nawo chiwindi. Mayi woyembekezera asayese n'komwe. Maso akayamba chikasu, aleke tsiku lomwelo nathamangire kuchipatala.