Phokoso ndi Lanu, Koma Mapazi Akupsawa ndi Athu

Patapata wanga anafewa ngati chingamu tisanafike n'komwe pa Dwangwa. Sindikukokomeza. Munali mu Okutobala, tikuchoka kwathu kuno ku Dwambazi kulowera ku Nkhotakota pa Altezza ya msuweni wanga, ine kutsogolo, mlongo wanga ndi kamwana kake kumbuyo. Nditadandaula kuti pansi pakuwotcha, yankho linabwera msangamsanga: "Aise, ndi dzuwa la kunyanja limeneli, tsitsa galasi."

Dzuwa lake liti lotulukira kunsi kwa mpando?

Anyamata okonda magalimoto, ine ndilibe nanu chifukwa. Altezza ndimaikonda nanenso. Toyota inapanga galimoto imeneyi kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo imachoka ku Japan ili ndi zonse zoteteza munthu wokhala mkati. Chimene chimandinyansa n'chakuti ikangofika m'manja mwanu, mumayamba kuchotsa zomwe simukuzimvetsa, kenako n'kumanamizira nyengo.

Taonani zomwe inakumana nazo ya msuweni wangayi. Anaitsitsa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza phula, eti izioneka bwino. Maenje a mu M5 mukuwadziwa. Pasanathe mwezi, kalata kopyapyala kamene kamakhala pakati pa paipi ya ekizozi ndi pansi pa galimoto, komwe amakanika amati heat shield, kanapindika n'kuyamba kulira ngwerengwere. Mmalo mokawongola n'kukamanganso, anakazula n'kukataya, ati n'kopanda ntchito. Kenako anadula catalytic converter, poti alipo ogula omwe amafuna platinum, palladium ndi rhodium za mkatimo. Pamalopo wowotcherera anaikapo chipaipi chachikulu, n'kuchikweza mpaka kutsamira pansi pa galimoto kuti chisamagunde mahampu. Phokoso linabwera ndithu, ana a pamsika amathamangira kumsewu kudzaona.

Komatu utsi wochoka mu injini ikamakoka mwamphamvu umapitirira madigiri 600. Chitsulo chotentha choncho sichilira kukukhudza kuti chikuwotche, chimalavula kutentha ngati mbaula imene waiyandikira. Kalata kanatayidwa kaja ntchito yake n'kubweza kutenthako, ndipo mpata wa mpweya womwe umatsala mbali zake zonse ndiwo umagwira ntchito yaikulu. Ukachotsa lata, n'kuchotsanso mpata, ndiye kuti pansi pa galimoto wasandutsa chiwaya. Ife okwera ndiye tchipisi.

Zikanakhala za patapata zokha sindikanalemba. Mwana uja anagona njira yonse, ife n'kumati ndi mwana wabwino, savuta paulendo. Titafika anadzuka akulira mutu, n'kusanza. Patapita masiku ndinakwawira kunsi kwa galimotoyo ndi tochi ya foni. Pomwe anawotcherera panali mng'alu, mwaye wakuda bii utazungulira, ndipo labala ya pa giya inali yong'ambika moti msewu umaoneka uli mkati.

Tonse tinamvapo za anthu omwe anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira, osadzukanso. Mpweya wake ndi womwewu, carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo umakakamira m'magazi kuposa oxygen maulendo opitirira 200. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, zomwe tonse timangoti n'kutopa kwa ulendo. Catalytic converter imene munagulitsa ija ndiyo imasandutsa wambiri wa mpweyawu kukhala carbon dioxide usanatuluke. Ndiye mwachotsa chosefa, paipi yang'aluka, pansi pali chibowo, woyendetsa akusinza pa liwiro la 120. Mukuti galimoto ndi yanu, ndalama ndi zanu. Chabwino. Nanga wakabaza amene mukumane naye pakona, nayenso ndi wanu?

Chopweteka n'choti kukonza kwake sikufika ngakhale pa mtengo wa masipika omwe mwadzaza m'buti. Yambani ndi kutseka paliponse pomwe utsi ukuthawira, pamalumikiziro ndi pamagasketi. Paipi itsike pang'ono, pakhale mpata woti zala ziwiri n'kulowa. Heat shield ibwerere, ya ku sikirapu kapena yodula pa lata la aluminiyamu, yomangidwa ndi mabawuti, osati kumata pa chitsulo cha pansi. Labala ya pa giya isinthidwe, zibowo za dzimbiri zitsekedwe. Zikatha izi ndiye mungaganize zoyala chotchinga kutentha kunsi kwa kapeti, chopangidwira ntchito imeneyo. Makatoni, masaka ndi siponji ya matiresi zomwe ndaonapo ena akuyala, amenewo ndi mafuta a moto basi.

Nsalu yokulunga paipi imene mumaionera pa YouTube ija imathandiza, inde, koma imasunga chinyontho. Kuno kunyanja, ndi matope a dzinja, paipi wamba imadyeka ndi dzimbiri mkati mwa nsaluyo mwini wake osaona, mpaka tsiku lomwe idzabooke.

Zonsezi ndinamuuza msuweni wanga, mwaye ndinamuonetsa pa chithunzi. Anaseka, ati sukulu yandipatsa mantha. Sabata yathayi wagula magetsi abuluu oika kunsi kwa galimoto. Mlongo wanga masiku ano akafuna kupita ku Nkhotakota amaima pamsewu ndi mwana wake, n'kudikira minibasi.