Ambuye, tikhudzeninso maso

Pa Marko 8:22-26 pali nkhani imene alaliki ambiri timailambalala, chifukwa imaoneka ngati Yesu sanaimalize ntchito ulendo woyamba. Anthu a ku Betsaida anabwera naye munthu wakhungu. Ambuye anamgwira dzanja natuluka naye kunja kwa mudzi, namuika manja. Atamfunsa ngati akuona kanthu, iye anavomera kuti anthu akuwaona ndithu, koma akufanana ndi mitengo yoyendayenda. Anapenya bwino atamuikanso manja kachiwiri.

Abale ndi alongo, ambiri a ife tili pakati pa kukhudzidwa koyamba ndi kwachiwiri. Ubatizo tinalandira, Mgonero timadya, koma moyo wa pakhomo pathu timauona mwachimbuuzi.

Taonani mmene chaka chimayendera m'makomo ambiri kwa Chisepo ndi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Banja lonse limavutika ndi fodya kuyambira ku nazale. Mayi ndi ana amawokera, amapalira, amathyola, amasoka, mpaka zigafa kudzaza. Msika ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, mabelo amapita m'dzina la bambo, ndalama nazonso zimalowa m'dzina la bambo. Kenaka bamboyo amasowa sabata ziwiri, ena amati amuona pa Mponela, ena pa Madisi. Pobwera ali ndi wailesi, chitenje chimodzi chopepesera, nthawi zina ndi mbiri ya mkazi wina. Pepala la malonda mayi saliona. Chimanga chimagulitsidwa kwa mavenda pa mtengo wolira nthawi yokolola. Pofika Januwale nkhokwe ili mbee, banja lili pa ganyu m'munda mwa eni ake pamene munda wawo ukudyedwa ndi udzu, ndipo feteleza wagulidwa ndi ndalama za katapila zimene zidzadye fodya wa chaka chamawa asanathyoledwe.

Chaka chotsatira, chimodzimodzi. Mwana amene anaona bambo ake akutero amadzatero nayenso.

Sindikunena kuti umphawi wonse ndi tchimo, ayi. Mitengo ya ku okushoni mlimi saiika yekha. Njala ya 2002, imene inachititsa pulezidenti Bakili Muluzi kulengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, inapha ndi olimbika omwe. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza linathawa osauka onse, oledzera ndi osaledzera. Koma pa mavuto ochokera kunjawa timasenzapo ena odzipangira, ndipo awa ndiwo timakana kuwaona. Timawatcha minyama, timaloza azakhali okalamba kuti atilodza, timapita ku mapemphero a usiku kukadzudzula mzimu wa umphawi. Amenewo ndiwo anthu ooneka ngati mitengo.

Pa njala ya 2006 ndi 2007, bungwe la Concern Worldwide pothandiza mabanja m'boma la Dowa linkapereka ndalama m'manja mwa amayi. Abambo a mumpingo, kodi tinadzifunsapo chifukwa chake alendo anakhulupirira akazi athu kuposa ife?

Mapemphero athu amapempha mvula, mitengo yabwino ndi machiritso, ndipo nzoyenera. Koma nkamodzikamodzi kumva munthu akupempha Mulungu kuti amuonetse pamene iye mwini akubowolera thumba lake. Pemphero limeneli ndi lowawa, pakuti yankho lake limabwera ndi dzina la malo, la mwezi, mwinanso la bwenzi limene umayenda nalo. Wakhungu uja anachira chifukwa sananame. Akanati akuona bwino pofuna kusangalatsa Yesu, akanapita kwawo ndi mitengo yake yoyendayo.

Onaninso kuti atachira, Ambuye anamtumiza kwawo namuletsa kulowanso m'mudzi muja. Pali njira zina zimene munthu wopenya sayenera kudzeranso. Ngati ndalama za fodya zimathera pa malo ena ake, tsiku lokatapa ndalama pitani ndi mayi a kunyumba. Musanapite, khalani pansi awiri, pempherani, tsegulani pepala la malonda pamodzi, ndipo lembani feteleza, fizi ya ana ndi matumba a chimanga ofika mpaka Malichi. Akulu a mpingo poyendera makomo mu Meyi ndi Juni asamangofunsa za masika ndi chakhumi, azifunsanso ngati mayi a pakhomopo analiona pepalalo.