Kalumo ka mlendo anole ndani?

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sananame. Koma omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndikaona momwe ndalama za thandizo zimalowera m'sukulu za sekondale kuno ku Nkhotakota, miyambi iwiriyi imandibwerera pamodzi.

Kalumoko takaona ndithu. A JICA a ku Japan anathandiza boma ndi pulogalamu ya SMASSE, yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuti mwana aziphunzira ndi manja, osati kuloweza kokha. Mu 2019 World Bank inavomereza madola 90 miliyoni a pulojekiti ya EQUALS, makamaka pofuna kukweza sayansi m'sukulu zoyendera za CDSS. Ndalama zotere zimagula mabuku, maikulosikopu, masikelo ndi mankhwala a mu labu. Mamenso tawaona: USAID, yomwe inkamanga masekondale kudzera mu pulojekiti ya SEED, inatsekedwa mu 2025.

Tsiku lina ndinacheza pa CDSS ina m'mbali mwa msewu wa M5. Mu ofesi ya ahedi munali makatoni atatu osanjikizana, akangaude atayalapo kale ukonde.

"Aphunzitsi, m'makatonimu muli chiyani?"

"Zipangizo za labu, bambo. Timasungira mayeso a MSCE. Zikasweka panopa, zina tizitenga kuti?"

Sindinawadzudzule. Wopereka anagula chipangizo n'kupita, koma ya batire, ya mankhwala akatha, ya kukonzetsa chikawonongeka sanasiye. Mapeto ake mwana wa Fomu 4 amayamba kugwira maikulosikopu mayeso atayandikira, manja ali njenjenje ngati wanyamula dzira la mwini.

Chimene chinandiwawa kwambiri chinali m'kalasi. Mtsikana wina ankakopera m'kope chithunzi cha nsomba chojambulidwa pabolodi ndi choko, kulemba mayina a ziwalo zake m'Chingerezi. Mwana yemweyo m'mawa anali kudooko, kuthandiza mayi ake kuyanika usipa pathandala, ndipo kutumbula chambo amatha ngakhale atatsinzina. Nsomba yeniyeni ili poteropo, iye akuphunzira ya choko!

Nkhotakota ndi labu yomwe palibe mlendo angatigulire. Mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaswana. Ku Chia kuli thamanda lomwe madzi ake amalumikizana ndi nyanja. Ku Dwangwa nzimbe zimasanduka shuga, ndipo imeneyo ndi Chemistry yooneka ndi maso. M'nkhalango yathu muli njovu pafupifupi 500 zomwe a African Parks anasamutsa kuchoka ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Ndi ana angati a m'bomali amene anapitako ndi aphunzitsi awo a Biology? Ngakhale msodzi wa chilimira, amene amakopa usipa ndi nyali usiku wopanda mwezi, ali ndi phunziro lonse la khalidwe la nsomba m'mutu mwake. Aphunzitsi athu anaphunzira TALULAR ku koleji, njira yophunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Chimawasowa nthawi zambiri n'chaching'ono: ya basi, mpeni, ndowa, ndi chilolezo cha ahedi.

Tsono thandizo likabwera tisamangowerenga makatoni pamwambo wolandira, nduna itadula riboni. Tifunse kuti chaka chachitatu adzagule mankhwala ndani. Komiti ya sukulu ndi PTA zipatule kangachepe teremu iliyonse ka zinthu zomwe zimatha. Makhansala ndi aphungu athu, ndalama za CDF zimadziwa kumanga chipinda. Zidziwenso kuikamo madzi ndi magetsi a sola.

Ndipo inu ahedi, tsegulani makatoniwo Lolemba likudzali. Galasi losweka m'manja mwa mwana wa Fomu 1 lagwira ntchito yomwe analigulira.