PAMSIKA: Musanalipire, itembenuzeni muone kuphazi

Amangwetu, sabata yatha ndinatsika minibasi pa Mbulumbuzi, mumsewu wa Limbe kupita ku Zomba, kukaoda nkhuku. Ndinapeza tambala wonenepa, wakuda bii, wa mtundu uja timati wa Mikolongwe. Ndinamupima m'manja, ndinanenerera, ndinalipira. Kufika naye ku Limbe, kasitomala wangomuika pansi, tambala uja tsimphi tsimphi! "Achimwene, nkhuku yodwala iyi," basi wapita. Ndinagulitsa modula mpamba.

Kulakwa kunali kwanga. Ife ageni timayang'ana chidali ndi kulemera kwake, kuphazi ayi. Tsono mverani.

Nkhuku ikaponda msomali, waya, munga kapena botolo losweka, tizilombo totchedwa Staphylococcus timalowa pabalapo. Pansi pa phazi pamatupa, pamatentha, pakati pake pamabwera nkhanambo yakuda. Mafinya a nkhuku amauma gwa, ndiye kufinya ngati chithupsa cha munthu sikuthandiza. Nkhuku zolemera ngati za Mikolongwe, zomwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndi zomwe zimavutika kwambiri chifukwa zimatera ndi mphamvu podumpha.

Mukaona msanga, viikani phazilo m'madzi ofunda a mchere kwa mphindi 15, kawiri patsiku. Pukutani, pakani ayodini kapena GV, mangani ndi kansalu koyera, ndipo nkhukuyo ikhale payokha pouma. Chotupa chikakula kapena kukwera mwendo, lumo lisiyeni, pitani kwa alangizi a ziweto. Akapereka mankhwala, funsani masiku oyembekezera musanaiphe kapena kugulitsa mazira ake. Mukatha kugwira bala sambani ndi sopo, pajatu tizilomboti timagwiranso anthu.

Palinso vuto lina: mamba a miyendo kutukumuka n'kuoneka mbuu ngati phulusa. Kumeneko ndi tinthata tobisala pansi pa mamba. Tsukani, pakani Vaseline wambiri masiku angapo aliwonse kwa masabata angapo. Oyilo wakutha wa galimoto ayi, chonde.

Kupewa n'kotchipa. Sesani pabwalo, tolani misomali. M'khola thirani utuchi kapena mankhusu a mpunga, zitosi zonyowa zisaunjikane chifukwa zimafewetsa khungu la kuphazi. Mtengo wogonapo ukhale wosalala, usapitirire theka la mita kuchoka pansi.

Nafenso tili ndi mlandu. Timamanga miyendo ndi mphira kapena waya, n'kuzilendewetsa pa njinga dzuwa lonse. Mangani ndi kansalu kofewa, kapena ikani m'dengu.

Ndiye mukapita kooda, itembenuzeni nkhukuyo, tambasulani zala, muone pansi pa phazi. Yotupa phazi ikani mtengo wina kapena isiyeni. Ngakhale mayi wokazinga zipalapasiro sangakugulireni phazi la mafinya.

Tionane sabata ya mawa, geni iyende.