Martini: vermouth si ya pa display

Ba owerenga, Chisanu chino tiyeni Mosi apumuleko. Tikambe za martini, ija mumaona James Bond atagwira mu filimu, mu kagalasi ka mwendo utali.

Choyamba, musasokonezeke mu shopu. Botolo yolembedwa Martini pa shelufu ni vermouth chabe, vinyo wa ku Italy wothira zitsamba, ndipo Martini ni dzina la kampani. Martini yakumwa ni gin na vermouth pang'ono.

Mupimo wake ni uyu: gin 60 ml, dry vermouth (ija yoyera) 10 ml. Thirani mu jagi yodzala ayisi, vundulani na supuni masekondi ngati 30, manje sefelani mu galasi yozizira, ayisi atsale mu jagi. Finyirani khoko ya ndimu pamwamba kuti tumafuta twake tugweremo, olo ponyanimo olive imodzi. Bond amafuna yokhutchumula. Ine nimavundula, kaili kukhutchumula kumaphwanya ayisi, mowa umachita mbuu na kuchuluka madzi.

Pamene ambiri timagwera ni pa vermouth. Gin mungaisunge zaka, siisintha. Vermouth ni vinyo, ndipo mukangotsegula imayamba kutha mphamvu. Ine ninagula botolo mu October, ninatsegula, n'kuiika pa display mu sitting room kuti alendo aziona kuti nafika. Kutentha konse kuja ili pamenepo. Pa Khisimisi ninapangira alamu anga martini. Anamwa kamodzi, anayang'ana galasi, ati, "Mulamu, mulibe Fanta?" Ndalama ya gin inapita, ulemu nawo unapita. Mukatsegula, ikani mu filiji ndipo ithe pa mwezi umodzi olo iwiri. Ngati mupeza kabotolo kang'ono, tengani kameneko.

Malaiti akapita ndipo ayisi asungunuka, siyani, mupange tsiku lina. Martini yofunda imamveka monga mankhwala a chifuwa.

Mukaidziwa iyi, zinazo ni zapafupi. Chotsani olive muikemo kaanyezi ka mu viniga, yakhala Gibson. Thiranimo supuni ing'ono ya madzi a mu botolo ya ma olive, yakhala dirty martini, ya mchere mchere. Amene dry imawalasa pakhosi agawe vermouth pakati, hafu yoyera hafu yofiira yotsekemera, imeneyo amati perfect. Ine yanga ya pamtima ni Negroni: gin, vermouth yofiira na Campari, 30 ml chilichonse, pa ayisi, na kakhoko ka lalanje. Ni yowawa, mwandi, galasi yoyamba mungakwinye nkhope.

Kagalasi kaja kasakunamizeni na kuchepa kwake. Mowa uli mu martini imodzi ni pafupifupi ma Mosi awiri, ndipo umalowa mwakachetechete chifukwa ni wozizira. Dyani nsima musanayambe, imwani pang'ono pang'ono. Mukafika pa yachiwiri, makiyi a motoka apatseni munthu amene akumwa Fanta uja.